Chipondamthengo cha Bambo a Mwayi

Croydon, 9 Malichi 2025

Okondedwa amake Mwayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Kuno tili bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kudandaula ndikangoona masitepe a pa siteshoni ya sitima ya East Croydon. Musandiseke kuti ndikulembabe pa pepala n'kujambula ndi foni. Tikamalankhula, netiweki ya ku Balaka imadya theka la mawu anga, ndipo theka lotsalalo ndimaliiwala ndikamva mawu anu.

Ndatumiza ya mankhwala a amayi ndi ya malata awiri a kukhitchini. Muwauze a Rogers akhome msanga, asadikire kuti mvula ithe.

Dzulo ndinapita ku Peckham kukaona ofesi ya mwana wathu. Ndikuti ofesi pomulemekeza. Ndi kachipinda pamwamba pa saluni, ndipo fungo la mafuta a tsitsi limakwera nawe masitepe. Ali awiri basi, iye ndi Shantel, mtsikana wa ku Zimbabwe uja amene agogo ake anachokera ku Dedza. Gemu ya pakompyuta imene akhala akupanga zaka ziwiri yatsala pang'ono kutha. Aitcha Pang'onopang'ono. Wosewera amakhala wa kabaza, kunyamula anthu pa njinga kuchoka pa siteji kupita kumidzi. Mulibe mfuti, mulibe magazi. Muli mchenga, mbuzi zodutsa msewu, ndi okwera amene amakusimbira za moyo wawo uku ukupalasa.

Anandipatsa kuti ndiyese. Nditangopalasa pang'ono ndinamva kumbuyo kwanga, "Pang'onopang'ono mwana wanga, ndanyamula mazira!" Amake Mwayi, ndinatembenuka. Ndinkadziwa kuti munawajambulira mawu pa foni, koma zaka zitatu chibwerereni kumudzi kukasamala amayi, mawu anu anali asanamvekepo m'chipinda cha ku London mosadukaduka. Ndinagunda mbuzi. Inu n'kuti, "Wandiswera mazira, iwe!" Atsikana aja anaseka mpaka misozi. Ine ndinapempha madzi akumwa.

Ituluka pa 22 Meyi. Agwirizana kuti ikafika kumapeto kwa Ogasiti isanagulidwe mokwanira, atseka, ndipo Mwayi abwerera ku kampani ya inshuwalansi ija. Mukukumbukira mmene ankafikira kunyumba masiku amenewo, kulowa kuchipinda osavula n'komwe jekete. Muzimupempherera.

Ndine wanu,
Biswick

Croydon, 6 Epulo 2025

Amake Mwayi,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine ndili bwino. Zithunzi za kumunda ndaziona, chimanga chachita bwino kumtunda kuja. Mavenda akayamba kuzungulira ndi masikelo awo, musawatsegulire nkhokwe.

Mwayi waonda. Kuti gemu idziwike pamafunika atolankhani a magemu aiyese n'kuuza anthu. Inde, kuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusewera n'kulemba. Walembera anthu 140, aliyense kumupatsa gemu yaulere. Ayankha atatu. Awiri akuti alibe nthawi. Wachitatu inali kompyuta yonena kuti mwini wake ali ku holide.

Ndiye kampani ina yaikulu ya ku Amereka yasuntha tsiku la gemu yake, yaika sabata yomweyo ya Mwayi. Shantel anandionetsa pa foni. Tsamba limodzi lokha la pa intaneti lalemba nkhani khumi ndi imodzi za gemuyo isanatuluke n'komwe. Ina ndi ya jekete limene msilikali wa m'gemumo wavala. Ndinafunsa kuti zimatheka bwanji. Chichewa cha Shantel n'cha agogo ake, chosakanikira ndi Chishona, koma ndinamva.

"Malume, aja amalipira maadiveti. Amatumiza matikiti a ndege, atolankhani apite ku Amereka, hotelo, chakudya, zonse. Ife tiwapatsa chiyani? Tiyi wa ku saluni?"

Mwayi anangoti, "Shan, leave it," osachotsa maso pa kompyuta.

Pa thiramu pobwerera ndinakumbukira tsiku limene tinkatsegula chipinda cha amayi oyembekezera pa chipatala chaching'ono chija, ndili namwino wachinyamata, inu musanandilole n'komwe. Tinaitana atolankhani, ndipo a komiti anakonza maenvelopu asanakonze mipando. Palibe amene ankati n'chiphuphu. Chinali chipondamthengo. Munthu waponda msewu chifukwa cha iwe, sabwerera chimanjamanja. Mawa lake tinamveka pa wailesi, ndipo bambo anga anayenda ndi wailesiyo mudzi wonse ngakhale nkhani inali itatha kale.

Ndinawafotokozera a Wiseman, anzanga a kwathu aja, potuluka m'tchalitchi. Anati, "Achimwene, mtolankhani ndi mtolankhani, kaya ku Lilongwe kaya kuno. Anawa anaphunzira makompyuta, koma kulandira alendo sanaphunzire."

Kumapeto kwa mwezi uno kuli chionetsero cha magemu, ndipo atsikana apeza tebulo. Ndapempha ofu tsiku limenelo. Muona kuti zomwe ndatumiza zachepako. Musadandaule, pali kantchito kena kuno. Ndidzakuuzani kakatheka.

Wanu,
Biswick

Croydon, 4 Meyi 2025

Amake Mwayi,

Moni wa chikondi. Ndasangalala kumva kuti amayi ayamba kugwira okha kapu. Muwauze kuti mkamwini wawo akuwapatsa moni. Ine ndili bwino. Kwayamba kufunda, ndipo azigogo a kunyumba ya okalamba kumene ndikugwira tayamba kuwatulutsa panja kuti aothere dzuwa.

Chionetsero chinachitika. Ndinavala suti ija ya pa ukwati wa Ivy, ndipo m'holo monse wovala tayi ndinali ndekha. Ena ankandifunsa njira poyesa kuti ndine wachitetezo. Pakhomo penipeni panali kampani ya ku Amereka ija, sikirini yake kukula ngati khoma la tchalitchi chathu, phokoso lomveka m'chifuwa. Atolankhani ovala makhadi m'khosi ankalowera khomo lawolawo, n'kutuluka ndi zikwama za mphatso. Tebulo la ana athu linali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi zimbudzi. Mwayi anati, "Osadandaula adadi, aliyense adutsa pano kamodzi."

Anadutsadi, koma osaima. Mpaka cha m'ma 3 koloko pamene anabwera mayi wina wochepa thupi, dzina lake Effie, amene amalembera tsamba lija la nkhani khumi ndi imodzi. Anati ali ndi mphindi zisanu. Anakhala theka la ola. Anaswa mazira anu katatu, akuseka, n'kufunsa kuti mawuwo ndi a ndani. Mwayi anati, "My mum," ndipo mmene ananenera ndikanakonda mukanamva. Effie anati alankhula ndi mkonzi wake, ndipo akuona kuti malo apezeka sabata yotulutsa gemuyo. Atachoka, atsikana anakumbatirana n'kumadumpha ngati ana a sukulu.

Ine ndinamutsatira mayiyo mpaka pakhomo kukamuthokoza monga kholo. Anali pa changu, foni kukhutu, koma ndinachita zoyenera. Anawa sakudziwa, ndipo inu musawatchulire. Akadzaona nkhani yatuluka, angosangalala basi.

Nyemba musagulitse zonse. Mundisungireko zofiira zija, ndidzapeza wobwera nazo.

Ndine wanu wokondwa,
Biswick

Croydon, 11 Meyi 2025

Amake Mwayi,

Moni. Ndili bwino. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Kuno mvula yabwereranso. Mafuta ophikira akwera mtengo, ndipo ndasiya kugula nsomba ku West Croydon, munthu mmodzi sangamalize. Bondo likupirira.

Mwayi akugona kwa Shantel masiku ano. Akuti n'kufupi ndi ntchito, poti masiku atsala ochepa. Anatenga chikwama chachikulu chija. Mukamuimbira musamufunse zambiri, watopa.

Maluwa anu a pawindo ndikuthirira. Limodzi lauma, sindikudziwa chifukwa chake.

A Rogers ngati amaliza malata, muwathokoze.

Sabata ino ndilibe zambiri zolemba.

Biswick

Croydon, 25 Meyi 2025

Amake Mwayi,

Moni kwa inu ndi amayi. Thupi lili bwino. Mawu amene munatumiza ndawamvetsera kawiri. Poti mwana wakuuzani mbali yake, lekani ndikuuzeni yanga, ngakhale sizisiyana.

Ndinaika mapaundi zana limodzi m'envelopu pamodzi ndi khadi lothokoza, n'kulembapo dzina la gemu kuti asaiwale. Effie anayesa kuti ndi khadi chabe, anaponya m'chikwama. Anakatsegula patapita masiku. Envelopuyo inafika ku Peckham pa positi, ndalama yonse ilimo, ndi kalata yaifupi. Malamulo a ntchito yake amati zotere azinene kwa mkonzi. Ananena. Mkonzi anati tsamba lawo silidzalemba chilichonse za Pang'onopang'ono.

Mwayi anabwera ndi envelopuyo kunyumba ine ndikusita yunifolomu. Anaiika pa tebulo.

"Adadi, ichi n'chiyani?"

"Ndi ulemu, mwana wanga. Kwathu munthu akakuyendera..."

"Kuno si kwathu! Anthu 140, adadi. Mmodzi yekha ndi amene anakhala pansi. One! Ndiye inu mukukamugula ngati mbuzi?"

"Nanga aja a ndege ndi mahotelo sagula?"

"Amagula ndi risiti! Ali ndi maloya. Ife chomwe tinali nacho ndi mbiri yabwino basi, ndipo inu munaiika m'thumba la suti."

Sanakuwe kwambiri. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Analowa kuchipinda n'kuyamba kulongedza. Malaya aja ndinawapsereza pa kolala.

Gemu inatuluka Lachinayi. Pa nthawi yopuma kuntchito ndinatsegula masamba onse amene ndikuwadziwa. Paliponse msilikali uja ndi jekete lake. Za mwana wathu, ngakhale mzere umodzi. Shantel wandiuza mobisa kuti ogula ndi ochepa, ndipo ambiri ndi a kutchalitchi kwathu, ena alibe n'komwe kompyuta yosewerera.

A Wiseman akuti mwina ndalamayo inachepa.

Mwandifunsa chifukwa chake sindinakufunseni kaye. Ndinkadziwa kuti mukana. Inu munakhala kuno zaka khumi maso ali otsegula. Ine ndakhala zaka khumi ndi zitatu, thupi pa thiramu, mtima ku Balaka. Ndinaona mwana wanga ataima pafupi ndi zimbudzi tsiku lonse akumwetulira anthu osamuyang'ana, ndipo ndinatulutsa chida chokhacho chimene ndikuchidziwa.

Envelopu ili m'kabati ya mbale. Sindinaikhudze.

Ndine wanu,
Biswick

Croydon, 22 Juni 2025

Amake Mwayi,

Moni. Ndamva kuti kumeneko kwazizira. Muwagulire amayi bulangete lina, lolemera, osati aja a pa msika amene amatha ndi kuchapa kumodzi. Ine ndili bwino, kuno dzuwa likulowa mochedwa.

Ndinachita zomwe munanena. Shantel anandipezera imelo ya Effie, ndinalemba ndekha, ndipo anavomera kuti tikumane pa kafe ina pafupi ndi London Bridge. Ndinapita chimanjamanja. Mukudziwa mmene zimandivutira kupita kwa munthu osanyamula ngakhale buledi. Njira yonse manja ankandisowetsa mtendere. Tiyi aliyense analipira wake.

Ndinapepesa. Ndinamufotokozera za chipondamthengo, kuti poyambirira chinali cha sing'anga amene akukakupondera tchire kufuna mankhwala. Ndinamuuza za bambo anga ndi wailesi yawo. Anamvetsera osandidula. Kenako ndinati, "Wolakwa ndine. Mwanayo sankadziwa. Langani ine."

Anati akundikhulupirira, koma mkonzi sasintha. "Ndikalemba tsopano, wina n'kudzamva za envelopu, tathera pomwepo ine ndi mwana wanu yemwe."

Ndikanayenera kulekera pamenepo. Koma ndinafunsa, mwaulemu ndithu, "Mayi, ndithandizeni kumvetsa kuti ndisadzalakwenso. Ku Amereka kuja munapitako?"

"Kawiri."

"Tikiti analipira ndani?"

Anati pansi pa nkhani amalembapo kuti ulendo unalipiridwa ndi kampani, ndiye si chinsinsi. Ndinati ndamva, kusiyana kwake n'koti ine ndinabisa.

"Inde," anatero. "Koma mzere umenewo uli m'zilembo zing'onozing'ono. Ndipo palibe gemu yawo imene inachotsedwapo pa tsamba chifukwa cha tikiti."

Amake Mwayi, ndinapita ndikuganiza kuti ndikakumana ndi munthu wonyada. Ndinapeza mwana wa eni wotopa. Alibe ntchito yokhazikika, amalipidwa pa nkhani iliyonse. Anzake anayi anachotsedwa chaka chatha. Maimelo amalandira mazana patsiku. Akalemba za gemu yaing'ono amawerenga anthu ochepa, mkonzi n'kumufunsa chifukwa chake wataya tsiku. Akalemba za jekete la msilikali, aliyense amatsegula. Nsapato zake zinali zong'ambika kutsogolo ngati za Mwayi.

Potsanzikana anandifunsa ngati angalembe za kukumana kwathu, osatchula dzina langa. Ndinati afunse mwini gemu, ine ndasiya kuchita zinthu mseri. Atafika pakhomo anatembenuka. "Amayi a mazira aja ali bwanji?" Ndinati ali bwino, akundikalipirabe.

Mwayi sanabwere. Tsiku la abambo ananditumizira uthenga wa mawu atatu. Ndausunga.

Wanu,
Biswick

Croydon, 20 Julayi 2025

Amake Mwayi,

Moni nonse. Ndili bwino, chimfine chokha. Zikomo chifukwa cha nyemba, zafika ndi mlongo wake wa a Wiseman.

Nkhani ya Effie yatuluka. Mkonzi anaikana, ndiye waiika pa tsamba lakelake. Walemba za bambo wina wovala tayi ndi envelopu yake. Walembanso za ndege zimene iye anakwera, mahotelo amene anagonamo, ndi magemu ang'onoang'ono amene anatumiziridwa koma sanawatsegule n'komwe. Ya Mwayi sanaiyamikire kapena kuinyoza, akuti ufulu umenewo alibenso. Anangoitchula dzina, n'kunena kuti anaswa mazira katatu ndipo akufunabe kuyesanso.

Ndi Mwayi amene anavomereza, ndipo ndi iye amene ananditumizira, popanda mawu ena. Ndinawerengera m'chipinda chosungira matawulo kuntchito. Ndemanga za anthu pansi pake musadzaziwerenge. Ena akuti ndi mmene anthu a kwathu tilili. Zimenezo zandipweteka kuposa zonse, poti chonena ndawapatsa ndine. Koma ena akufunsa kumene angagule. Shantel akuti sabata ino agulitsa kuposa mwezi wonse wa Juni.

Masamba akuluakulu ali chete. Shantel akuti kampani ya ku Amereka ija sinamuitane Effie ku chionetsero chake chotsatira. Akuti Effie ananena zimenezi akuseka, koma ine ndikudziwa kuti imeneyo ndi lendi yake. Mumuike m'mapemphero a Lachinayi, ngakhale simukumudziwa.

Ogasiti ali pafupi. Sindikufunsa, ndikuopa yankho.

Biswick

Croydon, 31 Ogasiti 2025

Okondedwa amake Mwayi,

Moni wochuluka kwa inu ndi amayi. Ndili bwino, koma msana ndi umene lero wagwirizana ndi bondo. Mumva chifukwa chake.

Atsikana anakhala pansi Lachisanu. Ogula sanakwane kuti asunge chipinda cha ku Peckham n'kudyetsa anthu awiri. Koma sanachepe mpaka potseka. Chipinda achisiya. Mwayi azigwira ku inshuwalansi masiku atatu pa sabata, masiku enawo ndi a gemu. Si zimene ankalota. Nkhani ija ikanatuluka pa tsamba lalikulu mu Meyi, mwina bwenzi zili zina. Sitidzadziwa, ndipo zimenezo ndi katundu wanga.

Dzulo m'mawa belu linalira. Ndinapeza mwana wathu pakhomo ndi chikwama chachikulu chija, kumbuyo kwake Shantel atakumbatira sikirini.

"Adadi, pabalaza panu mumapagwiritsa ntchito?"

"Ndimangodutsapo."

"Lendi ndi zingati?"

"Muzitsuka mbale."

"Ndiye tikufunika tebulo. Ndalama ya chiphuphu ija ilipo?"

Ndinaitulutsa m'kabati. Tinakagula tebulo lakale pa shopu ina ku London Road, n'kulinyamula atatu, anthu a m'mabasi akutiyang'ana. Wogulitsa atandipatsa kapepala, Mwayi anati, "Risiti imeneyo musunge, adadi." Shantel anaseka mpaka tinatula tebulo pansi.

Atamaliza kulumikiza mawaya anandiikira gemu. Ndinaswa mazira kanayi pa kona yomwe ija ya mbuzi. Mwayi anatembenukira kwa ine.

"Adadi, mukuchita dala."

Ndinakana. Koma n'zoona. Zaka makumi atatu simunandinenepo kuti "iwe", ndipo palibenso njira ina yoti ndimve mukundikalipira pabalaza pano. Mwayi sanaseke. Anakhala pambali panga, n'kuika dzanja lake pa langa. "Kafikeni kamodzi kokha," anatero, "mumve zomwe amanena kumapeto."

Sindinkadziwa kuti munajambulanso mawu ena. Tinadutsa mbuzi, tinadutsa mchenga wa pa mlatho, pang'onopang'ono, mpaka pa nyumba ya malata. Munatsika, mazira onse ali bwinobwino, n'kuti, "Wandifikitsa bwino. Lowa umwe madzi, kwatentha."

Ndapempha holide ya Disembala. Madziwo mundisungire.

Ndine wanu,
Biswick